KUIWALA KWA MIBADWO NDI KUGUGA KWA DZIKO: PHUNZIRO LOCHOKERA KU BULAWAYO

Mawu oyamba

Mlimi aliyense ali ndi muyeso wake umene amaweruzira ngati dziko lili bwino kapena laonongeka. Muyeso umenewu amautenga pa ubwana. Mtsinje umene ankasambamo, tchire limene ankadyetsako mbuzi, ndiponso kukula kwa nkhokwe imene makolo ake ankadzaza, zimenezi zimakhazikika m'maganizo mwake monga chikhalire cha dziko. Akakula n'kuona kuti mtsinje uja wayamba kuphwa msanga, amadandaula. Koma mwana wake, amene wabadwa mtsinjewo ukuphwa kale, saona chodandaulitsa, pakuti kwa iye mitsinje imatero. Motero chimene chinali tsoka kwa bambo chimasanduka chizolowezi kwa mwana, ndipo mdzukulu sadziwa n'komwe kuti panatayika kanthu.

Nkhani ino ikufotokoza m'mene kuiwala kotere kumachitikira, potsata mbiri ya mzinda wa Bulawayo ndi madera ouzungulira m'chigawo cha Matabeleland, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Zimbabwe. Malowa ndi oyenera pa phunziroli pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti kumeneko kuli zolembedwa za mvula, msipu, nyama ndi madamu zimene zasungidwa kwa zaka zoposa zana, kotero kuti zimene anthu akukumbukira zingathe kuyerekezedwa ndi zimene zinalembedwa. Chachiwiri n'chakuti mumzindamo muli anthu ambiri olankhula Chichewa, ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukagwira ntchito pa njanji, m'migodi ndi m'mafakitale.

Chiyambi cha ganizoli

M'chaka cha 1995 katswiri wa za nsomba, Daniel Pauly, analemba kankhani kakafupi kochenjeza akatswiri anzake. Iye anaona kuti wofufuza aliyense amatenga kuchuluka kwa nsomba zimene anazipeza poyamba ntchito monga poyambira kuyeza. Akapuma pa ntchito, wolowa m'malo mwake amapeza nsomba zitachepa, nayenso n'kutenga kuchepako monga poyambira pake. Pakadutsa mibadwo itatu kapena inayi ya akatswiri, nyanja imakhala itatha nsomba, chonsecho aliyense wa iwo anangolemba kuti nsomba zatsika pang'ono. Vutoli analitcha kusuntha kwa poyambira.

Chaka chomwecho, Peter Kahn ndi Batya Friedman anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pakati pa ana a sukulu a mumzinda wa Houston ku America, umene mpweya ndi madzi ake zinali zoipitsidwa kwambiri ndi mafakitale. Ana ambiri anatha kufotokoza bwino kuipa kwa utsi ndi zinyalala, koma owerengeka okha ndiwo anazindikira kuti mzinda wawo womwe unali m'vutolo. Iwo anali asanaonepo mpweya wina woti ayerekeze nawo.

Kuiwala kumeneku kumayenda m'njira ziwiri. Ina ndi ya pakati pa mibadwo, pamene okalamba amamwalira asanasiyire ana awo zimene anaona. Ina ndi ya mumtima mwa munthu mmodzi, amene pang'onopang'ono amazolowera kusintha mpaka kuiwala zimene iye mwini anaziona ali wamng'ono. Njira zonse ziwiri zimakula mphamvu pamene kusinthako kukuchitika mwakachetechete. Chigumula cha usiku umodzi chimasimbidwa zaka zambiri, pamene nthaka yokokoloka pang'ono mvula iliyonse palibe amaiwerengera.

Nyama zimene zinatsala m'maina

Mfumu Lobengula ya Andebele inakhazikitsa likulu lake lotchedwa Bulawayo m'chaka cha 1870, ndipo inalisamutsira pafupi ndi pamene pali mzinda wa lero mu 1881. Pa nthawiyo alenje achizungu ankabwera kudzapempha chilolezo chosaka njovu m'dziko la mfumuyo. Mmodzi wa iwo, Frederick Selous, anafika mu 1872. Zimene alenjewa analemba zikusonyeza dziko lokhala ndi njovu, njati, zipembere, nchefu ndi mikango, ndipo zikusonyezanso kuti mfuti zawo zomwezo zinayamba kuchepetsa nyamazo m'zaka zowerengeka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chipembere choyera chinali chitatheratu m'dera lonselo.

Kumpoto chakumadzulo kwa Bulawayo kuli malo otchedwa Nyamandlovu, kutanthauza nyama ya njovu. Kumpoto chakummawa kuli Inyathi, kutanthauza njati. Lero malo amenewa amadziwika ndi minda, ziweto ndi migodi, ndipo mwana wobadwira mumzinda amatchula mainawa monga malo okwerera basi. Njovu imene ana ambiri a ku Bulawayo amayamba kuiona ndi yofa, yoimikidwa m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Natural History Museum imene inatsegulidwa mu 1964.

M'mapiri a Matobo, kumwera kwa mzindawu, muli zithunzi zimene Akafula a kumeneko, otchedwa San, anajambula pa matanthwe zaka zikwi zapitazo. Zina mwa izo ndi za zipembere. Zithunzizi zinakhala umboni wakuti nyamayi inali nzika ya mapiriwo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 zipembere zoyera zinatengedwa ku Natal ku South Africa n'kubwezeretsedwa ku Matobo. Pamenepa thanthwe linasunga chimene anthu anali ataiwala.

Mliri, njanji ndi nkhalango

Ankhondo a kampani ya Cecil Rhodes analanda dziko la Andebele mu 1893, ndipo mzinda wa atsamunda unayamba kumangidwa chaka chotsatira. Kumayambiriro kwa 1896 mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unaoloka Zambezi n'kufika ku Bulawayo. M'madera ambiri unapha ng'ombe zisanu ndi zinayi pa khumi zilizonse, ndipo unaphanso njati, ngoma ndi nchefu zosawerengeka. Ntchentche ya kashembe, imene imadalira magazi a nyama zakuthengo, inatha m'malo ambiri kwa zaka zingapo.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ofufuza. Azungu ambiri amene anatenga mafamu m'zaka zotsatira anapeza dziko la udzu wautali, lopanda ziweto zambiri ndiponso lopanda kashembe. Iwo anayesa kuti dzikolo linali lotero chilengedwere, osadziwa kuti ankaona dziko limene linali litangotuluka m'maliro. Ng'ombe za anthu akuda zitayamba kuchulukanso, akuluakulu a boma anaziyeza ndi muyeso wolakwika umenewu.

Njanji inafika ku Bulawayo mu Novembala 1897, ndipo inapitirira kumka ku migodi ya malasha ya Wankie, imene lero ndi Hwange, mpaka ku Victoria Falls. Njanjiyo inadutsa m'nkhalango za pa mchenga zimene Andebele amazitcha igusu, m'mene mumamera mukusi ndi mlombwa. Makampani odula mitengo anapatsidwa malo aakulu m'madera a Gwayi, Nyamandlovu ndi Tsholotsho. Mukusi unachekedwa kukhala mitanda yoyalapo njanji, mizati ya m'migodi ndi matabwa oyala pansi m'nyumba. Migodi yaing'ono ya golide nayo inkatentha nkhuni zambiri poyendetsa makina ake. Mukusi ndi mtengo wokula pang'onopang'ono, wofuna zaka zoposa zana kuti ufike pochekedwa. Choncho munthu wolowa m'nkhalango zimenezi lero amaona mitengo yobiriwira n'kukhutira, osazindikira kuti yambiri ndi mphukira ndi zotsalira za nkhalango ina imene zimphona zake zinapita pa ngolo za sitima.

Malo ndi msipu

Mu 1894 atsamunda anapatula malo awiri, Gwayi ndi Shangani, kuti mukhale Andebele. Malowa anali a mchenga ndi osowa madzi. Lamulo logawa malo la 1930 linakhwimitsa tsankholo, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri anachotsedwa pa nthaka yachonde yozungulira Bulawayo. Anthu ndi ziweto atapanikizana pa malo ochepa, msipu unayamba kusintha. Udzu wokhalitsa, umene umaphukanso pa chitsa chaka ndi chaka, unachepa pafupi ndi midzi ndi pomwera madzi. M'malo mwake munalowa udzu wa nyengo imodzi, umene umauma msanga n'kusiya nthaka pambalambanda, pamodzi ndi zitsamba zaminga. Lamulo la 1951 linakakamiza alimi kuchepetsa ng'ombe zawo, ndipo linadzetsa mkwiyo waukulu popeza silinakhudze gwero la vutolo, limene linali kuchepa kwa malo.

Mnyamata woweta ng'ombe ku Matabeleland lero amadziwa kuti pofika Seputembala busa limakhala fumbi lokhalokha ndi kuti ng'ombe zina zimagwa chaka chilichonse mvula isanayambe. Kwa iye zimenezi ndi mbali ya ulimi wa ng'ombe. Ngati palibe womuuza kuti pamalo omwewo pankamera udzu wofolerera nyumba, sangaganize zoteteza busalo kuti udzuwo ubwerere, pakuti munthu safunafuna chinthu chimene sadziwa kuti chinatayika.

Madzi a mumzinda

Kusuntha kwa poyambira kukuonekera poyera pa nkhani ya madzi. Bulawayo ili pamtunda, pamalire a madzi opita ku Zambezi ndi opita ku Limpopo, ndipo ilibe mtsinje waukulu pafupi. Mvula yake ndi pafupifupi mamilimita 600 pa chaka, koma imasiyana kwambiri chaka ndi chaka. Maganizo okatenga madzi ku Zambezi anayamba kukambidwa mu 1912.

Damu la Khami, kumadzulo kwa mzinda, linamangidwa mu 1928 pafupi ndi mabwinja a miyala a Khami, amene anali likulu la ufumu zaka mazana angapo zapitazo. Kwa zaka makumi asanu ndi limodzi anthu a mumzinda ankamwa madzi a damu limeneli. Mu 1988 linatsekedwa chifukwa cha zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale zimene zinkatsikiramo. Munthu wobadwa chaka chimenecho tsopano ndi kholo, ndipo iye ndi ana ake amadziwa Khami monga dziwe lonunkha basi. Chimodzimodzinso mtsinje wa Umguza kumpoto, ndi kamtsinje ka Matsheumhlope kodutsa mumzinda, kamene dzina lake litanthauza miyala yoyera.

Madamu ena anamangidwa kumwera chakummawa, m'chigwa cha Umzingwane: Lower Ncema mu 1943, Umzingwane m'zaka za m'ma 1950, Inyankuni mu 1965, kenaka Upper Ncema ndi Insiza m'zaka za m'ma 1970. Damu la Mtshabezi linatha mu 1994, koma madzi ake anafika mumzinda patapita zaka pafupifupi makumi awiri. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 665,000 mumzindamo.

Chilala cha 1991 ndi 1992 chinagwedeza mzinda wonse. Madamu anatsala pang'ono kuuma, mijigo inakumbidwa mofulumira ku Nyamandlovu, ndipo m'dziko lonse munafa ng'ombe zoposa miliyoni imodzi. Anthu a nthawiyo anaona kupimidwa kwa madzi monga ngozi imene iyenera kutha. Mu 2012 khonsolo inkatseka madzi kwa maola 72 pa sabata, ndipo inapempha anthu onse kuti azitsegula madzi a m'zimbudzi pa ola limodzi kuti mapaipi a zonyansa asatsekeke. Mu 2020 maolawo anafika 144, ndiye kuti masiku asanu ndi limodzi pa sabata, madamu atatu atasiya kupereka madzi. Chaka chomwecho matenda otsegula m'mimba anapha anthu osachepera 13 ku Luveve. Mu 2024, chaka chinanso cha chilala, madzi ankatsekedwa kwa maola 120 kapena kuposerapo.

Mwana amene wakula m'zaka zimenezi amadziwa ndandanda ya masiku a madzi monga amadziwira ndandanda ya maphunziro. Madzi akabwera masiku atatu pa sabata, banja limati zinthu zayamba kuyenda bwino. Agogo ake, amene ankatsegula mpopi tsiku lililonse, akanati limenelo ndi tsoka.

Chilala si chokhacho chimene chachepetsa madziwa. Mapaipi ndi makina zakalamba, ndipo chigwa chodyetsa madamu chaonongeka. Mu 1991 boma linalola anthu kusefa golide m'mitsinje, ndipo ngakhale chilolezocho chinathetsedwa mu 2006, ntchitoyi inapitirira m'mitsinje ya Umzingwane, Insiza ndi ina. Magombe akakumbidwa ndipo mitengo ya m'mphepete ikadulidwa, mvula imakokolera mchenga ndi matope m'madamu, pamene madzi ena amatsakamira m'maenje osafika kudamu. Damu lodzala matope limaoneka lodzaza pamwamba pomwe madzi ake ndi ochepa kusiyana ndi amene linamangidwira.

Mbewu ndi ziweto za makolo

Atsamunda asanafike, chakudya chenicheni cha ku Matabeleland chinali mapira ndi mchewere, mbewu zopirira ng'amba. Chimanga chinafala chifukwa cha msika, zigayo, chakudya cha m'migodi ndi m'makomboni, komanso chifukwa mbalame sizichivutitsa monga zimachitira ndi mapira. Mbewu ya haibulidi ya SR52 inatulutsidwa mu 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunabwera mitundu yocha msanga monga R201 imene inalowa ngakhale m'madera ouma. Patangopita mibadwo iwiri, anthu ambiri anayamba kuona chimanga monga chakudya cha makolo, ndi mapira monga mbewu ya amphawi. M'madera a mvula yochepa chimanga chimalephera kawirikawiri, ndipo kulepherako nako kunazolowereka, pamodzi ndi kudikira chakudya cha chithandizo.

Kuyambira mu 1983 mayiko a kumwera kwa Africa, mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, anakhazikitsa ntchito yotukula mapira ndi mchewere pa malo a kafukufuku a Matopos, pafupi ndi Bulawayo. Ofufuza anatolera mbewu za makolo m'midzi ya m'mayiko ambiri n'kuzisunga, ndipo anatulutsa mitundu yatsopano yocha msanga. Mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2, amene alimi a ku Chigwa cha Shire amawadziwa, ndi zipatso za mgwirizano umenewu. Pa ziweto, ng'ombe za mtundu wa Tuli zinasankhidwa pakati pa ng'ombe za anthu a dera la Gwanda m'zaka za m'ma 1940, pa nthawi imene ambiri ankaona ng'ombe zachikuda monga zopanda pake. Lero Tuli imawetedwa mpaka ku Australia ndi ku America chifukwa chopirira kutentha.

Maso a matchona

Kwa zaka zambiri amuna a ku Nyasaland ankapita ku Halale, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere kapena kudzera mwa Mthandizi. Ambiri anakhazikika ku Makokoba, ku Sizinda ndi m'makomboni ena a Bulawayo, ndipo kumudzi ankatchedwa matchona. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Mtchona ali ndi chinthu chimene wokhala pamudzi alibe. Chithunzi cha kwawo chimaima m'maganizo mwake pa tsiku limene anachoka. Akabwerera patapita zaka makumi atatu, amaona nthawi imodzi kusintha konse kumene abale ake anakumeza pang'onopang'ono. Wochoka ku Blantyre phiri la Ndirande lili ndi nkhalango, n'kubwerako kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, analipeza lili mbee. Wochoka ku Mangochi nyanja ya Malombe ikupereka chambo chochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anapeza patapita zaka khumi asodzi akudalira kambuzi. Mawu a anthu otere amamveka ngati kudandaula kwa okalamba, koma kwa wofufuza ndi umboni wamtengo wapatali.

Adzukulu a matchona ali pangozi yoiwala kawiri. Dziko la agogo awo sanalione, ndipo mbiri ya nthaka ya Matabeleland imene anabadwirapo simbiri ya banja lawo. Pokhala kuti ambiri a iwo amalima timinda m'mphepete mwa mzinda ndi kutunga madzi pa mijigo yomweyo, mbiri zonse ziwiri zikuwakhudza.

Chenjezo: zakale nazo ziyenera kuyesedwa

Si zonse zimene zimanenedwa za kale zili zoona, ndipo kusintha sikumka kumodzi nthawi zonse. Pamene malo osungira nyama a Hwange ankakhazikitsidwa mu 1928, woyang'anira wake woyamba, Ted Davison, anapeza njovu zikwi ziwiri kapena kucheperapo. Atayamba kupopera madzi m'maiwe kuti nyama zizimwa m'chilimwe, njovu zinachuluka, ndipo kalembera wa 2014 anapeza zoposa 40,000. Mlendo wa lero amayesa kuti unyinji umenewu, pamodzi ndi mitengo yothyokathyoka yozungulira maiwe, ndicho chikhalire cha Hwange.

Ku Matobo, boma la atsamunda linachotsa mabanja ambiri m'mapiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ponena kuti akuononga chilengedwe. Katswiri wa mbiri, Terence Ranger, anasonyeza m'buku lake la 1999 lotchedwa Voices from the Rocks kuti mapiriwo anali malo a midzi, minda ndi akachisi a mvula monga Njelele kwa zaka mazana ambiri. Thengo lopanda anthu limene alendo amaliona m'paki lero linachita kupangidwa. Ofufuza za msipu a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, monga Ian Scoones ndi Roy Behnke, anasonyezanso kuti m'madera ouma kuchuluka kwa udzu kumatsata mvula kwambiri, ndipo busa looneka lakufa m'chilala lingathe kutsitsimuka mvula ikabwera bwino. Choncho woyeza dziko m'chaka chimodzi chokha, chabwino kapena choipa, amanamizidwa. Mankhwala a kuiwala ndi umboni wa zaka zambiri, wochokera ku mbali zingapo.

Nkhokwe za chikumbukiro

Bulawayo ili ndi mwayi pa umboni wotere. Wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Edmund Goetz, anatsegula malo oyezera nyengo mumzindamo mu 1903, ndipo malowo akudziwikabe ndi dzina lake. Kaundula wa mvula wa kumeneko akusonyeza kuti zilala zazikulu, monga za 1947, 1982 mpaka 1984, 1992, 2016 ndi 2024, ndi mbali ya nyengo ya derali, ndipo mzinda kapena mlimi wokonza mapulani ake potengera zaka za mvula yambiri amadziika pamsampha.

Pa malo a kafukufuku a Matopos, ofufuza anapatula timinda ta msipu m'zaka za m'ma 1940, tina n'kumatitentha chaka chilichonse, tina patapita zaka zingapo, tina osatentha konse. Patapita zaka makumi angapo kusiyana kwake kunaoneka ndi maso: posatenthedwa panadzaza mitengo ndi zitsamba, pamene potenthedwa kawirikawiri panakhala poyera. Palibe wofufuza mmodzi amene akanaona zonsezi pa nthawi ya ntchito yake. M'mapiri a Matobo, Valerie Gargett ndi anzake anayamba mu 1964 kuwerenga zisa za chiwombankhanga chakuda, mbalame yodya mbira za m'matanthwe, ndipo anthu odzipereka anapitiriza ntchitoyi kwa zaka zoposa makumi asanu. Chifukwa cha kaundula ameneyu, kuchepa kapena kuchuluka kwa mbalamezi kumayezedwa ndi chiwerengero cholembedwa.

Zoyenera kuchita

Mudzi uliwonse ungathe kukhala ndi nkhokwe yakeyake ya chikumbukiro popanda ndalama zambiri. Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma pa nkhani ya nthaka ndi madzi kudikira kuti agonere n'kuchedwa. Njira zotsatirazi zingathandize alangizi, aphunzitsi, mafumu ndi makalabu a alimi.

1. Kulemba mbiri ya malo. Alangizi asonkhanitse okalamba, amayi paokha ndi abambo paokha, achinyamata ali pomwepo. Mafunso akhale olunjika: mtsinje unkaphwa mwezi uti, chitsime chinkafuna chingwe chotalika bwanji, nkhuni zinkatoledwa kuti, ndi mitundu iti ya mapira, bowa, matondo ndi nsomba imene inkapezeka. Mayankho amangiriridwe ku zaka zodziwika, monga njala ya 1949 ku Malawi kapena chilala cha 1992.

2. Kuyeza mvula ndi madzi. Sukulu iliyonse ingathe kukhala ndi choyezera mvula ndi buku losungidwa bwino. Tsiku limene mtsinje wasiya kuyenda ndi tsiku limene mjigo wayamba kuvuta zilembedwe chaka chilichonse.

3. Kujambula malo amodzimodzi. Chithunzi cha phiri, dambo kapena chigwembe chijambulidwe poima pamalo omwewo, mwezi womwewo, chaka ndi chaka. Zithunzi zakale za m'ndege zosungidwa ku maofesi oona za malo ziyerekezedwe ndi za lero.

4. Kusunga malo a chitsanzo. M'midzi ya Achewa nkhalango ya kumanda imasonyeza mitengo imene inali m'dera lonse kale. Ana aphunzitsidwe maina a mitengo imeneyi, ndipo kachigawo ka busa katchingidwe kuti anthu aone udzu umene nthakayo ingathe kubereka.

5. Kusunga mbewu za makolo pamodzi ndi maina ake ndi kaphikidwe kake, pakuti mbewu imene anthu aiwala kudya salimanso.

6. Ofufuza ndi a mabungwe asamatenge chaka choyamba cha ntchito yawo monga poyambira kuyeza. Afunefune kaundula wakale kwambiri amene angapezeke, ndipo m'malipoti awo anene poyera chaka chimene akuyerekeza nacho.

Mawu otsiriza

Dziko la m'masiku a Lobengula silingabwerere, ndipo mzinda wa anthu oposa theka la miliyoni sungakhale ndi njati pakhomo. Phindu la kukumbukira lili pa kudziwa chimene nthaka, mtsinje kapena damu zinatha kuchita, kuti zolinga za lero zisaikidwe pansi kwambiri. Khonsolo imene ikukumbukira kuti Khami linali damu la madzi akumwa idzafunsa chimene chingachitike kuti zonyansa zileke kulowamo. Mlimi amene akudziwa kuti agogo ake ankakolola mchewere m'chaka chimene chimanga chinapsa adzapatula gawo la munda wake. Zipembere zinabwerera ku Matobo chifukwa panali umboni wakuti zinakhalako. Okalamba amene anaona Matabeleland ndi Malawi m'zaka za m'ma 1950 akucheperachepera, ndipo ntchito yolemba zimene anaona iyenera kuchitika iwo akali moyo.